Phava la Makiyi

Tambasula dzanja, Jomon. Ayi, onse awiri.
Phava ili ndi lolemera kuposa maonekedwe ake.

Wakuda uyu, wamutu ngati khasu,
ndiye woyamba.
Ankatsegula nkhokwe ya tsabola kumtsinje kuja,
kumene mphunzitsi Ittyerah anakhazika pa matumba
anyamata khumi ndi mmodzi
nawaphunzitsa masamu uku akuyetsemula.
Atatu anathawa dzinja lisanathe.
Agogo awo a bambo anga ndiwo ankatseka madzulo,
ndipo mpaka tsiku lomwalira ankalumbira
kuti muno mu Kerala maphunziro amanunkhira tsabola.
Nkhokweyo inapita ndi madzi kalekale.
Kiyi anatsala. Satsegula kanthu.
Usamutaye.

Amkuwa awa ndi a nyumba yofiira ya pachitunda.
Njerwa zake anasenza ndi amayi a kumunsi kuno,
zisanu ndi imodzi pamutu ulendo uliwonse,
koma panapita zaka makumi anayi
mwana wamkazi asanaloledwe kulowa pakhomo pake.
Woyamba anali Aleyamma.
Anamuikira mpando pakhonde, kunja kwa zenera,
ambulera kudzanja lina, kope pabondo,
mvula ikumunyambita zidendene.
Chaka chachiwiri zenera lija linasanduka chitseko.
Nayu kiyi wake, wopindika pang'ono.
Uzimukweza pozungulitsa,
ndi wamakani ngati mwini nkhani.

Kenako zitseko zinayamba kuswana.
Labotale, yomwe inapsa kawiri.
Laibulale.
Chipinda cha mafupa, chomwe sindilowamo ndekha.
Nyumba zogona atsikana zili pa munda wa chinangwa wa Thommi;
anagulitsa misozi ili m'masaya,
koma lero mdzukulu wake akuphunzitsa zamagetsi pomwepo
ndipo amaimika galimoto pamene panali chitsime.

Chaka chimene mtsinje unameza msika
tinatsegula zonse.
Pa zaka zanga makumi atatu ndi zinayi,
ndi usiku wokhawo umene phava ili
linagona pa msomali lopanda ntchito.
Mbuzi mu holo yolembera mayeso,
makanda pa tebulo la akuluakulu,
mpunga ukuwira pansi pa mapu a dziko lonse.
Mayi wina anachira m'kalasi nambala naini.
Mwanayo ndinamuona dzana ali pamzere wolembetsa,
ndevu zitamera, akudandaula za fizi.

Pano akuti ophunzira apitirira zikwi zisanu ndi chimodzi.
Mayina awo andipulumuka.
Kale ndinkadziwa wochedwa pongomva mapazi ake
m'kanjira ka pansi pa mitengo ya kokonati.
Nyumba yatsopano yagalasi ija ilibe ndi bowo la kiyi lomwe:
ukaionetsa kakhadi imalira pii! n'kutseguka yokha
ngati yakuzindikira, chonsecho sidziwa munthu.
Sindidana nayo ayi.
Mawondo angawa amachikonda chikepe chake.

Akuluakulu akufuna wakuda uja
akamugoneke m'bokosi lagalasi pa chikondwerero cha mwezi wamawa,
pansi pa chithunzi cha Ittyerah.
Ndawauza kuti mwini wake tsopano ndiwe.
Koma dziwa, kiyi wosagundana ndi anzake
sachedwa kuchita dzimbiri.

Uziyamba ndi geti lakumunsi, faifi koloko isanakwane,
ogulitsa tiyi amalawirira.
Belu usamalize ndi mkwiyo.
Ndipo nthawi yotseka, ukapeza wina mu laibulale
tulo titamugwetsera pa buku,
yamba wazimitsa nyale zakutali,
uyende pang'onopang'ono, makiyi azilira,
adzuke yekha, asachite manyazi.

Wagwira?
Chabwino.

Ona, thumba langali lapepuka
moti ndikuyenda chopendekera.